Khobidi la Njovu Ziwiri ndi Denga la Apongozi

Kumudzi kumene ndinakwatira, kwa Nthache, anthu akamakambirana za malata ine n'kutulukira, amasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa feteleza. Amachita zimenezi mwaulemu ndipo ndimathokoza. Koma poti ana ayamba kuifotokoza nkhaniyi mokhotetsa, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinalira, ndaganiza zoilemba ndekha kuti mbiri isawonongeke. Sindinalire. M'maso munangolowa dzimbiri.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, chifukwa akukhudzidwa. Ku koleji ndinapitako. Ndinakhalako nthawi yokwanira kudziwa kumene kuli kantini ndi laibulale (kulaibulale kunali mthunzi wabwino), kenako ine ndi aphunzitsi tinasiyana maganizo pa nkhani ya mayankho a mayeso. Iwo anali ambiri, ine ndinali ndekha, ndipo inali nthawi ya demokalase. Ndinabwerera ku Mwanza n'kupeza ntchito pa boda, yothamanga ndi mapepala a madalaivala a mathiraki kuchoka pa windo ili kupita pa windo ilo. Munthu akandifunsa ntchito yanga ndinkati ndili m'zamalonda a pakati pa mayiko, ndipo silinali bodza.

Kenako ndinakwatira Edina n'kulowa chikamwini. Kanyumba kathu kanali kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, mayi amasiye osunga mwambo ngati mbewu. Kwa iwo mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso ndipo salankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, mpaka njira yeniyeniyo inayamba kumera udzu. Mawu onse ankadutsa mwa Edina. Ngakhale titakhala pakhonde limodzi, iwo ankayang'ana kumapiri n'kunena kuti, "Uwauze bambo a Yami kuti mbuzi zalowa m'dimba," ine ndili pomwepo, mbuzizo ndikuziona.

Chimene ndinkafuna pa moyo chinali chimodzi: kutenga Edina ndi mwana wathu Yamikani n'kukakhala pa boma, m'nyumba ya magetsi, kumene mbuzi zikalowa m'dimba zimakhala za eni ake. Ndinakapempha kwa a Zuze, malume ake a Edina, amene ndiwo mwini mbumba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mwana wathu sitimupereka kwa munthu wonyamula mapepala a anzake. Tionetseni chinthu chogwirika." Ndinawauza kuti chikubwera. Sindinkadziwa kuti n'chiyani, koma ndinanena ndi nkhope ya munthu amene wachiitanitsa kale.

Chinabwera masana ena pa boda, pamthunzi wa thiraki ya simenti. Ndinakhala ndi a Domingo, bambo wa ku Zobue amene amagula chilichonse chakale: simbi zamakala, mawotchi akufa, mapulaimasi. Chichewa amalankhula bwino, koma nkhani ikafika pa ndalama lilime limathawira ku Chipwitikizi.

"Amigu, inu ndinu wophunzira," anatero. (Mawu amenewa andilowetsa m'mavuto ambiri kuposa mowa.) "Mumawadziwa makobidi akale aja obooka pakati? A nthawi ya atsamunda?"

"Tinaphunzirako," ndinatero. Sitinaphunzireko.

"Pali ena a njovu ziwiri zoimirira. Amenewo ndi ambiri, ngakhale nkhuku zimafukula. Koma pali chaka chimodzi." Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza chakacho m'khutu. "Patarau wanga, bwana wa ku Joni, ali ndi kabati yodzaza ndalama zakale za mayiko onse. Zonse ali nazo, kupatula limeneli. Munthuyo sadya bwino. Anzake otolera ndalama zakale nawonso akulisaka. Mutawafunsa kuti sankhani khobidi limodzi lokha pa dziko lapansi, onse atchula limeneli."

Chakacho sindichilemba pano. Ndili ndi chifundo ndi nyumba za anthu.

Nditafunsa mtengo, a Domingo anayankha m'Chipwitikizi kaye, kenako anamasulira. Nthawi yomweyo ndinaona nyumba ya magetsi, firiji pakona, Edina akuitsegula popanda chifukwa n'kuitsekanso.

"Mukalipeza mubweretse momwe mwalipezeramo," anawonjezera akukwera njinga yawo. "Musavutike nalo."

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wa cholinga. Ndinayendera nkhalamba zonse za m'midzi yozungulira. Ndinalowa m'nyumba zimene ngakhale adzukulu anasiya kulowamo, n'kumwa thobwa wa mitundu yonse, wina woti ukamwa umayamba kukumbukira machimo ako. Ndinamva mbiri ya matenda a miyendo ya gogo aliyense. Makobidi ndinawaonadi: lina linali m'chiuno mwa khanda pa kachingwe, lina pa nsupa ya sing'anga amene anandiuza kuti ndikalikhudza ndidzayamba kuyenda chobwerera m'mbuyo. Onse anali a zaka zolakwika. Mbiri inafala kuti mkamwini wa kwa a Zuze wayamba kukonda okalamba, ndipo kutchalitchi ananditchula ngati chitsanzo kwa achinyamata.

Sindinafooke. Munthu amene anabwerezapo phunziro limodzi mpaka aphunzitsi kuyamba kumufunsa za kumudzi safooka msanga.

Ndiye tsiku lina uthenga unadutsa mwa Edina kuti ndikatsitse maungu otsala padenga la apongozi. Ndinakwera ndikung'ung'udza. Nditafika pamwamba ndinagwada kuti ndigubuduze dzungu, ndipo maso anga anagwera pa msomali. Pansi pa mutu wa msomali uliwonse wa malata pamakhala washala, kachitsulo kozungulira kotchinga madzi. Koma washala uyu anali wokhuthala modabwitsa. Ndinapala ndi chikhadabo. Panatuluka chitamba. Ndinapalanso. Njovu yachiwiri.

Ndinakweza mutu n'kuyang'ana denga lonse. Mizere ndi mizere ya misomali, uliwonse utakhala pa khobidi lake. Ndinali nditayenda midzi yonse ija, kumwa thobwa yense uja, pamene chuma chinali pamwamba pa munthu amene sindinkaloledwa kumuyang'ana.

"Makobidi aja bambo anabwera nawo m'chitini kuchokera kuntchito ku Sozibele," anatero Edina nditamufunsa mochenjera pa chakudya. "Ndalama zitasintha anasanduka opanda ntchito. Ndiye pomanga nyumba anati sangagule mawashala ali ndi zitsulo zobooka kale. Mukufunsiranji?"

"Mbiri yakale. Ndimaikonda."

"Inu?"

Vuto linali lakuti malemu anali munthu wadongosolo. Khobidi lililonse analikhoma njovu zili kumwamba, pomwe chaka chimalembedwa kuseri. Kuti uone chaka, uzule msomali. Ndipo mkamwini sangangodzuka n'kuyamba kuzula misomali ya apongozi ngati akuzula chisoso. Panafunika chilolezo. Ndinavala malaya a kolala, n'kukakhala kumapeto kwa khonde, apongozi kumapeto enawo, Edina pakati.

"Auzeni mayi kuti denga lawo likudontha."

"Akuti denga likudontha."

"Uwauze kuti chimangireni malemu silinadonthepo."

"Auzeni kuti likudontha m'kati mwa chitsulo, kungoti madzi sanafike pansi. Ndi sayansi."

Edina anandiyang'ana kanthawi. "Akuti ndi sayansi."

"Uwafunse ngati ndi sayansi yomwe ija inawabweza ku koleji."

Funso limeneli ndinalimva bwinobwino, koma Edina analibwerezabe lonse, mawu ndi mawu, mokweza, monga mwa mwambo.

Munthu wina akanasiyira pomwepo. Ine ndinangosintha pulani. Ndinadikira tsiku loti pamudzi pasakhale munthu, ndizule, ndione, ndikhomenso, aliyense asadziwe. Tsikulo linafika mu Okutobala, kutagwa maliro kutsidya kwa mtsinje. Mudzi wonse unanyamuka m'mamawa. Edina anabereka Yami n'kutsogola ndi amayi anzake kukathandiza kuphika. Ine ndinagwira m'mimba n'kunena kuti ndibwera m'mbuyo. Nditasuzumira ku nyumba ya apongozi, chitseko chinali chotseka, pakhonde palibe mkeka. Ndinati basi, anyamuka. (Apa ndi pamene munthu womaliza maphunziro akanagogoda.)

Ndinakwera ndi hamala ndi kathumba. Amene sanakhalepo pa malata mu Okutobala ku Mwanza asamalankhule za Gehena, sakuidziwa. Ndinavala masilipasi a Edina m'manja, anga kumapazi, n'kumakwawa ngati nyama imene sinatchulidwebe dzina.

Msomali woyamba unatuluka ukulira. Ndinatembenuza khobidi, kulavulira, kupukuta. Chaka cholakwika. Ndinaubwezera, koma unapindika. Wachiwiri chimodzimodzi. Misomali yakale ili ngati nkhalamba, ukaichotsa pamalo pake siibwereranso mwamtendere. Ndiye ndinapanga chisankho cha utsogoleri: ndizule yonse kaye, kukhoma ndidzakhoma pamodzi kumapeto. Njira imeneyi ndinkaigwiritsanso ntchito ku koleji pa nkhani ya kuwerenga, ndipo zotsatira zake mwazimva kale.

Ndinamaliza mbali ya pabalaza. Palibe. Mbali ya chipinda chosungira chimanga. Palibe. Kathumba kanalemera ndi makobidi a zaka zonse zimene Mulungu analenga, kupatula chimodzi chija. Dzuwa linafika pamutu, malata n'kumalira okha. M'khosi munauma moti malovu opukutira anatha, ndinayamba kugwiritsa ntchito thukuta, limene linalipo lokwanira mudzi wonse.

Panatsala ngodya imodzi, ndipo ndinkaidziwa. Pansi pake panali chipinda chogona cha apongozi.

Ndinaima kaye, chifukwa ndine munthu wolemekeza mwambo. M'chipinda chimenecho mkamwini salowa, sasuzumira, ngakhale kuchiloza ndi chala. Ndinasanthula m'mutu malamulo onse a chikamwini amene anandilangiza pa ukwati. Onse ankanena za pakhomo, pawindo ndi pakhonde. Panalibe ngakhale limodzi lonena za mumlengalenga. Makolo athu anasiya mpata, ndipo ine ndinalowa mumpatamo.

Ndinazula mzere woyamba, wachiwiri, mpaka pafupi ndi msonga. Khobidi lina linatuluka lakuda bii ngati lapsa. Ndinalipukuta pa kabudula, n'kulipendeketsa padzuwa. Manambala anaoneka movutikira, koma anaoneka. Ndinawerenga, kutseka maso, kuwerenganso. Chinali chaka chija.

Ndikanatha kukhala pansi n'kuthokoza mumtima. Koma nthawi ngati imeneyi imafuna kuti munthu aimirire. Ndinaimirira, khobidi m'chibakera, dzanja kumwamba, pa lata lopanda msomali ngakhale umodzi, pamwamba pa phaso limene chiswe chinakhala chikulidya kuyambira nthawi ya chipani chimodzi.

Ulendowo sunali wautali. Ndinamva thyoo, kenako ine, lata ndi masilipasi tinafikira pamodzi kumiyendo kwa bedi. Mwendo umodzi wa bedilo unagonja. Fumbi litayamba kutsika, ndinaona kuti kumutu kwa bedi kuli bulangete, ndipo m'bulangetemo muli munthu womanga duku mothina pachipumi.

Tonse awiri tinachita zoyenera. Iwo anatembenukira kukhoma la kum'mawa, ine la kumadzulo. Tinakhala choncho, pabedi limodzi lopendekeka, misana itayang'anana. Pansi pa bedi panatuluka mphaka, n'kukhala pakati pathu kudzinyambita.

"Pusi iwe," anatero apongozi ndi mawu ofooka, "uwafunse alendowo ngati athyoka."

Ndinameza malovu amene ndinalibe. "Pusi, uwauze mayi kuti ndili bwino ndithu. Uwafunse kuti kaya iwo adzuka bwanji."

"Uwauze kuti ndadzuka ndi malungo, n'chifukwa chake sindinapite kumaliro. Uwauzenso kuti chiyambire m'mawa ndagona pano kuonerera nyenyezi zikutuluka m'nyumba mwanga masana, imodziimodzi, kuchokera pabalaza kumabwera kuno."

"Pusi, uwafunse kuti bwanji sananene."

"Uwauze kuti ndimafuna kunena. Koma ndikanatuma ndani? Iwe unali utagona."

Apa mphaka anatopa ndi udindo. Analumphira pa lata, n'kutulukira pa bowo limene ine ndinalowera. Tinatsala opanda mneneri. Chitseko cha chipinda chinali mbali ya kumutu kwa bedi, ndiye kuti ndituluke ndinayenera kudutsa pamaso pawo. Ndinatseka maso, n'kuyenda chobwerera m'mbuyo, manja akupapasa khoma. Ndinagwetsa beseni, nyali ndi chithunzi cha malemu. Chibakera chokha sindinachitsegule.

Ndikanakhala ndi masana onse, mwina ndikanabwezera malata angapo. Koma kumwamba kunali ndi pulani yakenso. Chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imabwera popanda kuodira, inasankha tsiku lomwelo. Kunayamba mphepo. Malata a pabalaza ananyamuka limodzilimodzi mwaulemu, n'kukatera m'munda mwa aneba. Anthu pobwera kumaliro anapeza apongozi atakhala pakhonde la kanyumba kathu atafunda bulangete, matumba a chimanga akumwa madzi, ine ndikuthamanga ndi mabeseni m'nyumba yopanda denga, ngati kuti vuto linali kuchepa kwa mabeseni.

Edina sanakalipe. Anangoyang'ana nyumba, kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti, "M'mimba muja mwapola?"

M'mawa mwake a Zuze anaitanitsa bwalo la pabanja. Anakhala pampando, ine pansi.

"Ine ndakula," anayamba. "Ndaona akamwini aulesi, akamwini oledzera, wina anagulitsa mbuzi ya apongozi n'kuthandiza nawo kuifuna. Koma onsewo ankalowa m'nyumba kudzera pakhomo. Inu bambo mwalowa ngati mphenzi. Ndipo mwa zipinda zonse, mwasankha chimenecho. Longedzani."

Ndinapempha kulankhula. Ndinaimirira (nditayang'ana kaye chimene ndaimapo), n'kutsegula chibakera. Ndinafotokoza za a Domingo, za bwana wa ku Joni amene sadya bwino, za anthu a m'mayiko akutali amene amasunga ndalama osati kuti agulire zinthu koma kuti aziziyang'ana. Ndinati pa makobidi onse a padziko, limene onsewo amalilota ndi ili, ndipo malemu, mwa nzeru zawo, analisunga pamalo pamene wakuba sangaganizepo. Nditatchula mtengo, a Zuze anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Chabwino," anatero. "Mawa tipitira limodzi ku boda. Zikakhala zoona, mukhoma denga latsopano, ndipo mkazi wanu mutenge mupite naye ku boma, ine ndidzanyamula nawo katundu. Likakhala bodza, mutenga chikwama chanu chokha. Tamvana?"

Tinamvana. Khobidi linayamba kuyenda m'manja, mpaka linafika kwa apongozi. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Edina, uwauze kuti ichi ndi chuma cha malemu. Sichingapite pamaso pa alendo chili chakuda chonchi. Adzati kwa Nthache kuli anthu auve."

Apa ndiyenera kunena chilungamo: mawu a a Domingo ndinawakumbukira. Ndinawanenanso pabwalopo, kuti wogulayo anati tibweretse momwe talipezera, tisavutike nalo. Bwalo lonse linaseka, ine ndemwe. Nanga ndani sadziwa? Mlendo akafika pakhomo n'kunena kuti musavutike ndi chakudya, ndadya kale, ndiye kuti gwirani nkhuku. Ukamumvera, mbiri yako imakafika kwawo iwe usanatsuke mbale. Tinagwirizana tonse kuti a Domingo ndi munthu woleredwa bwino.

Anayamba ndi apongozi, malungo ali m'thupi. Anatenga phulusa ndi mchenga wa kumtsinje umene amakwechera mapoto, ndipo mapoto a mayi amenewa munthu umatha kumetera ndevu. Khobidi linayamba kufiira. A Zuze anati m'mphepete mwatsala litsiro, n'kutulutsa sandipepala amene amapalira mipini. Kenako onse anayang'ana ine, wophunzira. Sindikanakhala chete. Ndinafotokoza kuti dzimbiri limaopa asidi, ndipo asidi amapezeka mu ndimu. Tinalinyika mu ndimu ndi mchere, n'kulikwechanso ndi waya wotsukira mbale. Pofika madzulo khobidi linkawala moti Yami analilirira. Linali losalala bwino, lofewa m'manja. Sindinafune kuliyang'anitsitsa, kuopa kulidetsa ndi mpweya. Apongozi analikulunga m'kansalu koyera, ndipo kwa nthawi yoyamba uthenga umene unadutsa mwa Edina unali wakuti, "Uwauze ayende bwino."

Ku boda tinafika a Zuze atavala jekete la maukwati. Tinawapeza a Domingo akutsutsana ndi mayi wina za mtengo wa simbi. Ndinawakokera pambali, n'kumasula kansalu pang'onopang'ono kuti aone kuti sitinabwere kudzasewera.

Anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu. Anayang'ana mbali imodzi. Anatembenuza. Anapukuta kagalasiko pa malaya n'kuyang'ananso.

"Amigu, njovu zija zili kuti?"

"Zili pomwepo. Pendeketsani."

Anapendeketsa. "Izi ndi mbuzi. Ndipo zikudwala." Anatembenuzanso. "Nanga chaka?"

Ndinatenga kagalasi. Manambala awiri oyamba ankaoneka ngati munthu amene akutsanzika ali kale patali. Awiri omaliza, amene ndiwo anali nkhani yonse, panali pamalo posalala, powala, paukhondo.

"Mwalitani khobidili?"

"Tangolisambitsa pang'ono," anatero a Zuze monyadira. "Ife sitipereka chinthu chakuda kwa mlendo."

"Koma ndinati musavutike nalo."

"Munaterodi, ndipo tathokoza ulemu wanu."

A Domingo anakhala pa thayala la thiraki. Analankhula kaye mawu angapo a Chipwitikizi amene sanawamasulire. "Bambo, kuda kuja ndi kumene patarau amagula. Kuda kuja ndiye zaka zake. Chipsera cha msomali akanakhululuka. Koma ichi, ngakhale mwini wake amene anachisula sangachizindikire."

"Chaka chinali chomwecho," ndinaumirira. "Ndinachiona ndi maso angawa."

"Maso anuwo ndiwatumize ku Joni?"

Sindinagonje msanga, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Ndinati ndikhoza kulumbira pamaso pa aliyense. Ndinati tikhoza kulikwirira pansi mwezi umodzi lidenso. Ndinatulutsa kathumba ka makobidi ena aja, akuda bwinobwino, n'kunena kuti atenge onse pa mtengo wa limodzi. A Domingo anangopukusa mutu. "Nada, amigu. Amenewo ngakhale ine ndili nawo, ndimapsinjira mapepala kuti asauluke." Anandibwezera khobidi lowala lija m'manja n'kundipinda zala. "Koma musataye. Ndi washala wabwino kwambiri."

Ulendo wobwerera tinayenda a Zuze ali patsogolo, jekete paphewa. Pafupi ndi mudzi anaima n'kunena, osatembenuka, "Sandipepala uja ndinangodutsitsa kamodzi." Ndinati inde. "Ndimu ndi amene anaononga." Ndinatinso inde. Mkamwini amadziwa mbali ya mbiri imene ndi yake.

Pangano linali pangano. Ndinalowa m'kanyumba kathu n'kuyamba kulongedza. Sizinatenge nthawi, chifukwa zambiri zimene ndinkaziyesa zanga zinapezeka kuti ndi za Edina. Iye anakhala pamphasa akuyamwitsa Yami, misozi ikugwera pamutu pa mwana. Pamenepo ndi pamene dzimbiri lija linandilowanso m'maso.

Ndikutuluka ndi chikwama, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Bambo a Yami, chikwamacho chikupita kuti?"

Ndinayang'ana kwa Edina kuti abwereze. Edina anali m'nyumba. Ndinafunafuna mphaka. Kunalibe.

"Ndikulankhula ndi inuyo," anatero apongozi. Anali ataima pakati pa bwalo, akundiyang'ana m'maso, ndipo aka kanali koyamba kuona kuti Edina anatengera mphuno yawo. "Munthu amene wagwera pabedi panga ndimuthawenso chifukwa chiyani? Chatsala n'chiyani? Achimwene anena kuti muzipita, koma nyumba imene ili yopanda denga ndi yanga, si yawo. Mukufuna muphwasule denga, mvula yayamba, inu mukagone kwanu pouma? Bwezani chikwamacho. Mukhala pompano mpaka lata lomaliza, phaso lomaliza, ndi mwendo wa bedi. Za ku boma muiwale."

Ndinabweza chikwama. Denga ndinalimaliza pang'onopang'ono, lata limodzi pakutha pa mwezi, apongozi akugona m'kanyumba kathu, ine pakhonde. Za ku boma palibe anazitchulanso, ndipo ine sindinapeze nkhope yozikumbutsira. Ndili kwa Nthache mpaka lero. Mwambo wosalankhulana uja unathera pomwepo: apongozi anayamba kundilankhula okha, ndipo zikuoneka kuti anali ndi zambiri zimene anasunga, chifukwa sanamalizebe.

Phunziro ndinalitola, ndipo ndikulipereka kwaulere: pa alendo onse amene amati musavutike, pamakhala mmodzi amene akunena zoona, ndipo sadziwika nkhope.

Kungoti pamene ndinkakhoma lata lomaliza, mkulu wina wampingo anaima pansi n'kumandionerera. Anati ndimagwira hamala ngati malemu. Anati malemuwo anali munthu wopatsa, moti chitini chawo chija sichinathere panyumba pokha, denga la tchalitchi chathu anakhomanso ndi iwo, ulere, ndi zitsulo zawo zomwe.

Lamulungu lapitali abusa analengeza kuti dengalo layamba kudontha pang'ono cha kuguwa, ndipo pakufunika munthu wodzipereka woti akwere akaone. Anati tiweramitse mitu tipempherere nkhaniyi. Ine sindinachite kanthu. Dzanja langa ndi limene linayamba kukwera lokha. Edina analigwira pamkono n'kulitsitsa, n'kulikhalira, osatsegula ndi maso omwe.